Wina Akutsegula Zitini Zanga

Pagalaja yowongola ndi kupenta magalimoto ija panalibe womutchula dzina lake lenileni. Onse ankangoti Kabawi, chifukwa cha diso lake. Galimoto ikabwera itapindika chitseko, ena ankawongola, ena ankamata ndi kukwecha, koma ikafika nthawi ya penti onse ankadikira iye. Ankaizungulira kamodzi padzuwa, n'kulowa m'kachipinda kake kodzaza ndi zitini, ndipo potuluka ankakhala atanyamula mtundu weniweniwo. Osati umene galimotoyo inali nawo ili yatsopano ayi, koma wa lero, wosuluka ndi dzuwa komanso sopo wa zaka zambiri.

Ntchito yonseyi ankaigwira ndi diso limodzi. Lakumanzere linali lofooka chibadwire, linkangoona mbuu ngati munthu wosuzumira pagalasi la kubafa. Ankadziwa zimenezi ndi anthu awiri okha: mkazi wake, ndi mlongo wake wa mkaziyo, bambo wa ana atatu amene Kabawi yemweyo anamupezera ntchito yopopera penti pagalajapo zaka khumi zapitazo. Awiriwa ankatchulana kuti alamu, ndipo tsiku silinkatha asananyozane.

Lolemba lina m'mawa, Kabawi akutakasa penti anaona timadontho takuda tikuyandama m'chitini. Anatenga kasefa n'kusefa, koma timadonthoto tinasamukira pakhoma. Tsiku lotsatira kunayamba kung'anima m'mbali mwa diso lakumanja ngati wina akuwotcherera zitsulo chapatali. Lachinayi kunabwera mthunzi, ngati munthu akukoka katani pang'onopang'ono kuchokera kumphuno.

"Ndi thina ameneyu, wandilowa m'mutu," anatero, akunena mankhwala osungunulira penti.

"Alamu, pitani kuchipatala," anatero mlamu wake akuvula chophimba kumphuno. "Diso si bampala yoti tikagula ina kwa ophwasula magalimoto."

"Iwe popera. Za maso uwasiyire eni maso."

Panali magalimoto anayi oyembekezera, ndiye anapitiriza ntchito, akupendeketsa mutu kuti aone ndi mbali yotsalayo. Kuchipatala cha maso anapita patatha masiku asanu ndi anayi, tsiku limene anathira penti pambali pa chitini n'kudzinyowetsa nsapato.

Dokotala anali mayi wamfupi, wolankhula mofulumira, wa magalasi olendewera pachingwe. Atamuunika m'diso ndi kuwala kothobwa, anati kuseri kwa diso kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina, komwe kamagwira kuwala, ndipo kake kanali katang'ambika n'kumatuka, pakati pomwe. Opaleshoni inayenera kuchitika mawa lake. Namwino anabweretsa mapepala awiri. Kabawi sankatha kuwerenga ngakhale mutu wake, ndiye mkazi wake anamuwerengera mothamanga, n'kuika chala pamene anayenera kusaina. Anasaina pawiri ponse.

Sanamugoneke tulo. Anangomubaya kuti diso lichite dzanzi, n'kumufunditsa nsalu kumaso. Ali pansi pa nsaluyo ankamva kulira kwa makina ndi mawu a anthu. Chapakatikati anamva dokotala uja akuuza wina motsitsa mawu kuti, "Kabotolo aka lembanipo nambala, dzina ayi. Kaikeni mu ayezi, apite nako pompano." Chitseko chinatseguka n'kutsekeka. Kabawi anafuna kufunsa kuti kabotolo ka chiyani, koma anali atamuuza kuti asagwedeze ngakhale chibwano.

M'disomo anasiyamo thovu la mpweya loti lizikankha kansalu kaja mpaka kamatirire, ndipo kuti thovulo ligwire ntchito anayenera kukhala chozyolika masiku khumi. Kugona chafufumimba, kukhala pampando chipumi chili patebulo, kuyenda akuyang'ana zala za kuphazi. Masiku amenewo anthu ankawadziwa ndi mapazi basi. Masilipasi a mkazi wake, limodzi lomangidwa ndi waya. Nsapato za mlamu wake, zothimbirira ndi penti wa magalimoto onse a chaka chimenecho.

Nsapatozo zinkabwera tsiku lililonse poweruka. Zinkaima pafupi ndi mpando wake.

"Alamu, mwataya chiyani pansipo? Sabata yonse mukufunafunabe?"

"Ndikufuna nzeru zako, zinagwera pomwepa."

Akaseka pang'ono, nsapatozo zinkatsatira masilipasi kupita kukhitchini. Kenako mpopi unkatsegulidwa, madzi n'kumangothamanga musinki popanda kulira kwa mbale kapena supuni. Tsiku lachitatu anazindikira kuti palibe chimene chikutsukidwa. Tsiku lachisanu anatchera khutu ndipo pakati pa phokoso la madziwo anatola mawu awiri atatu. Mkazi wake: "Asadziwe kaye." Mlamu wake: "Nanga abwana?" Mkazi wake: "Amenewo ndiye ayi."

Masilipasi atabwerera anafunsa, "Mumakambirana chiyani kukhitchini?"

"Za sukulu ya ana ake. Bwanji, mwayamba nsanje ndi mlongo wanga?"

"Za sukulu zimafuna madzi?"

Masilipasi anaima kanthawi, zala za kuphazi zitapinda, kenako anachoka.

Anabwerera kuntchito patatha miyezi iwiri. Diso linkaona, ngakhale kuti mizere yowongoka inkaoneka yokhotakhota pang'ono, ndipo akachoka padzuwa kulowa m'kachipinda kake ankayenera kuima nthawi yaitali pakhomo asanayambe kuona zitini. Koma mitundu, iye ankati, inalipo yonse. Mwini galaja, mkulu wa mimba yaikulu amene ankayenda ndi makiyi ambiri m'chiuno, anamulandira ndi manja awiri n'kumupatsa galimoto yasiliva. Kabawi anasakaniza penti masana, n'kupaka pang'ono pakachitsulo koyesera, n'kukagundanitsa ndi galimotoyo. Zinafanana. Anatseka chitini n'kuchisiya pashelefu kuti mlamu wake apopere m'mawa. Galimotoyo inatuluka bwino, mwini wake anayamikira.

Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Koma m'sabata yachiwiri anaona chinthu. Iye akamaliza ntchito ankapukuta ndodo yotakasira n'kuiimika m'botolo, chogwirira chili m'mwamba. M'mawa wina anaipeza itagona patebulo, kunsonga kuli konyowa. Anatsegula chitini chimene anasakaniza dzulo lake ndipo anaona ngati penti wakwera pang'ono.

Sanauze munthu. Madzulo ake anakanda kamzere ndi msomali m'kati mwa chitini, pomwe penti analekezera, ndipo atatseka anawaza fumbi la sanipepa pachivindikiro. M'mawa anapeza chivindikiro chili mbee, ndipo kamzere kaja kanali katamira.

Anakhala pa ndowa yovundikira. Makiyi a kachipindako anali ndi anthu atatu: iye, mwini galaja, ndi mlamu wake, amene masiku ano ankafika m'mawa kwambiri, chizolowezi chomwe analibe kale. Munthu amene zaka khumi ankabwera mochedwa akunamizira minibasi, lero wasanduka tambala? Anakumbukira madzi a kukhitchini. Tsiku lomwelo, akudutsa kuseri kwa ofesi, anamva mwini galaja akuseka n'kumati, "Miyezi iwiri ija unagwira bwino iwe, sindinkadziwa kuti nawenso uli nalo diso." Mlamu wake anayankha zimene Kabawi sanazimve.

Ndiye nkhani yake ndi imeneyi, anaganiza choncho. Akuthiramo zinthu pang'onopang'ono kuti tsiku lina galimoto idzatuluke yoipa, anthu adzati Kabawi watha, ndipo kachipinda kano kadzakhale ka mlamu. Nanga mkazi wake? Magazi ndi magazi. Mwamuna amachita kupezana naye panjira.

Kunyumba anayamba kuyang'anitsitsa zonse. Mankhwala odonthezera m'maso ankadzithira yekha, ngakhale kuti theka linkathera patsaya, ndipo kabotolo kake ankayenda nako m'thumba la malaya. Mkazi wake akalandira foni n'kutuluka panja, iye ankazimitsa wailesi.

"Mwatani kodi bambo?" mkaziyo anafunsa tsiku lina akusita. "Mukundiyang'ana ngati ndakuberani."

"Pepala lachiwiri lija linali la chiyani?"

"Liti?"

"Kuchipatala. Ndinasaina pawiri."

"Ndinakuwerengerani. Lija la kafukufuku."

"Munawerenga ngati mukuthawa mvula."

Mkaziyo anaimika simbi n'kumuyang'ana. Kenako anatembenuza malaya.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala anapita yekha, osanena. Dokotala atamaliza kumuunika anati kansalu kagwira bwino, ndipo anayamba kulemba. Kabawi sanadzuke pampando.

"Adokotala, munachotsamo chiyani m'diso mwanga?"

Dokotalayo anasiya cholembera.

"Ndinamva ndi makutu anga. Kabotolo, nambala, ayezi. Chinthu changa chili kwinakwake popanda dzina langa."

"Munamva zoona," anatero dokotalayo. Anakoka mpando wake kufika pafupi. "Kansalu kaja katang'ambika, madzi a m'diso analowa kuseri kwake n'kukamatula. Kuti tikabwezeretse tinayenera kuwapopa. Madzi amenewo timataya. Koma odwala amene avomera, ngati mmene munasainira inu papepala lachiwiri, timasungako timadontho tochepa n'kutumiza kwa anzathu oyeza. Ngati simunamvetse zimene munkasaina, limenelo ndi vuto lathu, ndipo mukafuna ndiwauza awataye lero lomwe."

"Amayezamo chiyani m'madzi?"

"Zimene kansalu kanataya pamene kanali ndi njala." Anatenga pepala n'kuligundanitsa ndi chikhatho chake. "Kansaluka kamadya kuchokera pakhoma limene kamamatirapo. Mpweya, shuga, zonse zimadzera pamenepo. Komanso m'timaselo togwira kuwala muli mankhwala achibadwa amene kuwala kukawagunda amatha mphamvu, ndiye amapita kukhoma kuja kukakonzedwa n'kubwereranso. Tsiku lonse zimangozungulira choncho." Anachotsa pepalalo pachikhatho. "Kakamatuka, njira yaduka. Timaselo timasowa chakudya, timayamba kutulutsa asidi ndi zinthu zina zimene zikachuluka zimapweteka tinzake toyandikana nato. Tina timafota, tina timafa. Ifeyo tikufuna kudziwa kuti chimachuluka n'chiyani tsiku loyamba, n'chiyani tsiku lachisanu, kuti mwina m'tsogolo padzapezeke mankhwala otetezera timaseloto munthu asanafike pa opaleshoni. Inu kanu kanakhala komatuka masiku asanu ndi anayi."

"Koma mwati kagwira."

"Kagwira. Koma kugwira n'kwina, kuchira n'kwina. Timaselo toona buluu n'tochepa, ndipo kawirikawiri ndi timene timavulala msanga. Ndinakuuzani tsiku lotuluka, akazi anu ali pomwepo, kuti mitundu mwina siidzabwerera yonse. Munandiyankha kuti diso lanu mumalidziwa nokha."

Kabawi sankakumbukira zimenezo, koma mawuwo anamveka ngati akedi.

"Mitundu ndikuiona bwinobwino," anatero.

Dokotalayo anatulutsa kabokosi kokhala ndi tizivindikiro khumi ndi tisanu ta mitundu yoyandikana, n'kutimwaza patebulo pafupi ndi windo. Anamuuza kuti atindandalike, kalikonse pafupi ndi kofanana nako. Kabawi anaseka. Imeneyi ndiye inali ntchito yake. Anamaliza msangamsanga n'kupinda manja. Dokotala anatembenuza tizivindikiroto kamodzikamodzi. Kunsi kunali manambala. Wani, thuu, kenako fifitini, kenako firii, kenako fotini.

"Manambala aliyense akhoza kulemba," anatero Kabawi.

"Zoona," anatero dokotalayo. "Mubwerenso pakatha miyezi itatu, tidzayesenso. Nthawi zina zimasintha pang'onopang'ono, mpaka chaka."

Potuluka anali ndi chinthu chimodzi m'mutu: mkazi wake ankadziwa kuyambira tsiku lotuluka m'chipatala, ndipo anakauza mlongo wake. Iwowo ndi dokotala, onse atatu akuimba nyimbo imodzi. Pobwerera anadzera kusitolo ya zitsulo n'kugula loko.

Sabata yomweyo kunabwera galimoto ya mayi wina mwini sukulu yophunzitsa kuyendetsa, yobiriwira mopita ku buluu, imene wophunzira wake anaikhulitsa pachipata. Chitseko chakumbuyo chinafunika penti. Kabawi anasakaniza mosamala kuposa masiku onse, anayesa pakachitsulo katatu, kenako anaika chitinicho m'kabati yake ya zovala n'kukhoma ndi loko watsopano uja.

M'mawa anapeza mlamu wake ataima m'kachipindako, manja ali m'thumba.

"Alamu, penti wa galimoto yasukulu ali kuti?"

"Umamufuniranji m'mawa uno?"

"Kupopera. Si ntchito yanga?"

"Lero ndipopera ndekha. Iwe kapume, wakhala ukulawirira kwambiri."

Mlamuyo anatulutsa manja m'thumba. "Ndiloleni ndingoona pakachitsulo."

"Choka pakhomo."

Anapopera yekha, atatseka chitseko cha chipinda chopoperamo. Dzanja linali lisanaiwale. Penti anagona bwino, wopanda madontho, wonyezimira. Masana a tsiku lotsatira anakankhira galimotoyo panja, ndipo Kabawi anaizungulira n'kuona kuti ili bwino. Anadabwa kuti anzake owongola asiya kumenya zitsulo ndipo onse akuyang'ana kwina.

Mayi wa sukulu uja anafika, kachikwama kali m'khwapa. Anaima patali, n'kuvula magalasi a dzuwa, n'kuwavalanso.

"Chitseko ichi mwabwereka kwa ndani?" anafunsa. "Mukachibweze, mwina mwini wake akuchifuna."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Mwini galaja anatuluka mu ofesi, makiyi akulira m'chiuno. Anayang'ana chitsekocho, n'kuyang'ana Kabawi.

"A Kabawi, n'chiyani ichi? Galimoto yobiriwira, chitseko cha buluu ngati yunifolomu?"

Kabawi anayang'ananso. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda chitsulo. Anabwerera m'mbuyo. Chitseko ndi galimoto zinali mtundu umodzi. Anayang'ana nkhope za anthu aja mmodzimmodzi, kufunafuna amene akupsinyira diso mnzake, koma sanamupeze. Mayi uja sankadziwana ndi aliyense pagalajapo. Analibe chifukwa chonamira.

Mlamu wake ndi amene analankhula. "Abwana, mawa masana ikhala itatheka. Mayi, pepani, tipatseni tsiku limodzi."

Anthu atabalalika, Kabawi analowa m'kachipinda kake n'kuima mumdima, kudikira kuti zitini zionekere. Mlamu wake analowa pambuyo pake n'kutseka chitseko.

"Kuyambira liti?" anafunsa Kabawi osatembenuka.

"Yasiliva ija. Inapita kuchikasu. Ndinathiramo timadontho tinayi ta buluu."

"Zonse?"

"Zofiira ziwiri zija sindinazikhudze, zinali bwino. Zinazo zonse."

"Anakutuma ndani?"

"Achemwali anati tikupatseni nthawi, mwina diso libwerera musanadziwe n'komwe. Ine ndinati tikuuzeni. Anati mukadziwa musiya ntchito tsiku lomwelo, mukakhala pakhonde n'kumakalamba."

"Ndiye masabata asanu ndi awiri ndakhala chidole pano. Abwana akundiyamikira, iwe ukusekera m'mimba."

"Kuseka? Alamu, ine ndimadzuka kusanache kuti ndidzakonze zitini zanu, ndipo zimene ndimachitazo munandiphunzitsa ndinu osadziwa. Ndikanafuna kachipinda kano ndikanangosiya yasiliva ija ituluke mmene inalili."

Zinali zoona, ndipo zinamupweteka Kabawi kuposa bodza. Anatenga jekete n'kuchoka nthawi yoweruka isanakwane.

Kunyumba sanakalipe. Anangosiya kulankhula. Masiku anayi ankadya, n'kutsuka mbale yake yekha, n'kukakhala pampando. Tsiku lachisanu mkazi wake anaima kutsogolo kwa wailesi.

"Nditukwaneni ngati mukufuna, koma izi ayi."

"Munandiona ngati mwana."

"Ndinakuonani ngati munthu amene anakhala masiku asanu ndi anayi katani ili m'diso, akunamizira thina. Ndikanakuuzani mukanamva?"

"Mukanayesa."

Mkaziyo anakhala pamkono wa mpando. "Ndikanayesa," anavomera. "Ndinachita mantha."

Lolemba Kabawi analowa yekha mu ofesi ya mwini galaja n'kunena zonse, ndi za diso lakumanzere zomwe. Mkuluyo anamvetsera akuseweretsa makiyi. Anati sangamusiye kuti azisakaniza yekha, komanso sangataye munthu wodziwa kuti penti wa mtundu wakuti amada akauma, wakuti amayera, wakuti amasintha ukamupopera kunja kukuzizira. Mlamu anali ndi diso koma zimenezo sankazidziwa, ndipo m'miyezi iwiri ija anataya penti wambiri poyesayesa. Anagwirizana kuti agule sikelo yaing'ono. Kabawi azinena zothira ndi kuyeza, mlamu aziona pakachitsulo.

Zinayenda, ngakhale kuti sizinakome. Kunyozana kuja kunabwerera pang'ono chabe. Atapitanso kuchipatala patatha miyezi itatu, anasokoneza tizivindikiro tinayi m'malo mwa tisanu ndi tiwiri ta ulendo woyamba. Dokotala anati ndi nkhani yabwino, koma sanalonjeze kanthu. Anamufunsa za madzi aja, ngati awataye.

"Asungeni," anatero Kabawi. "Koma akapeza chimene apeze, mudzandiuze ineyo. Osati akazi anga."

Chovuta chinali chakuti tsopano mawu omaliza anali a munthu wina. Mlamu akanyamula kachitsulo padzuwa n'kunena kuti, "Zafanana," Kabawi ankayang'ana ndipo zinkafananadi, koma zinkafanananso asanathire dontho lomaliza. Mlamu akati, "Onjezani buluu pang'ono," iye ankaonjeza, mtima ukufunsa ngati buluuyo akufunikadi kapena munthuyu akungofuna kuonetsa kuti alipo.

Masana ena, mlamu atapita kukasamba m'manja, Kabawi anatenga kachitsulo n'kuwoloka msewu kupita kwa mkulu womata matayala, amene ankawodzera pabenchi. Anamudzutsa n'kumukokera pagalimoto yoyera imene ankaikonza.

"Achimwene, tandionereni. Ichi ndi ichi, n'zofanana?"

Womata matayalayo anatikita m'maso, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Zonse n'zoyera," anatero. "Kodi zoyera ziliponso mitundu ingati?"

"Makumi anayi," anayankha mlamu ali kumbuyo kwawo, akupukuta manja ndi kansanza. Sanayang'ane Kabawi. Anatenga kachitsuloko m'dzanja lake, n'kukagundanitsa ndi chitseko, n'kupendeketsa kuti dzuwa ligwerepo bwino. "Itananinso wina, alamu, ine ndidikira. Koma fulumirani, penti akuuma."